Mawu a m'Khitchini ya Trenwith

Dulcie ndiye ankasunga makiyi a Nyumba ya Trenwith. Nyumbayo anaimanga kalekale mzungu wina amene anali ndi mabwato osaka zigoba za ngale, ndipo banja lake litatha, anthu a m'tauni anaisandutsa malo oonerako mmene akale ankakhalira. Munali mabedi achitsulo osagonapo munthu, tebulo lalitali loyalidwa mbale zosadyeramo, ndi piyano imene chinyezi cha kunyanja chinaitseka pakamwa. Moyo wa nyumbayo unali pakhonde. Lachiwiri pankakhala amayi oluka madengu, Lachinayi ana asukulu, Loweruka ogulitsa jamu wa mango ndi mbande za maluwa. Onsewa ankapeza Dulcie atasesa kale zitosi za nalimata ndi kutsegula mazenera.

Sanali munthu wolankhulalankhula. Alendo akamufunsa kanthu ankangowalozera kwa a Lindsay, mzungu wachikulire amene anapuma ntchito ya positi, yemwe ankakonda kuyenda ndi alendo chipinda ndi chipinda. A Lindsay anali a mtima wabwino koma ogontha khutu limodzi ndi theka. Ukawanong'oneza kanthu, ankakabwereza mokweza kuti atsimikize kuti amva bwino.

Dulcie sanabadwire m'banja limene linamulera. Mayi ake omubereka anawatengera pa ndege kuchipatala cha mumzinda wakutali wa Perth iye asanayambe sukulu, ndipo sanabwerekonso. Mayi wina wa nyumba yoyandikana, amene anali kale ndi ana ake aakazi, anangowonjezera mbale imodzi, osanenapo kanthu. Dulcie anakula akugona pakati pa Verna, mwana woyamba wa pakhomopo, ndi Cissy, mnzake wolimbana naye bulangete. Atakula anachapa zovala kuchipatala mpaka msana unakana, kenaka anapeza ntchito ya makiyiyi. Sanakwatiwe. Anthu ankati anakwatiwa ndi tsache.

Dzina la mayi amene anamulerawo silingatchulidwe pano. Anamwalira mango atangoyamba kupsa, ndipo maliro anali asanaikidwe, chifukwa kuno timadikira abale a kumidzi yakutali ngakhale zitatenga masabata. Munthu akapita, dzina lake limagona, chithunzi chake chimaphimbidwa, ndipo mawu ake ojambulidwa satsegulidwa kufikira eni maliro atanena okha. Kuwatsegula n'kumuitana munthu amene wayamba kale ulendo.

Vuto linali loti mawu a mayiwo ankakhala m'Nyumba ya Trenwith. Ali kamtsikana anagwirapo ntchito m'khitchini ya nyumbayo, ndipo atakalamba a komiti yoyang'anira nyumbayo anawajambula akufotokoza za masikuwo. A Lindsay anaika kabokosi kuseri kwa chitofu chakale, ndi kadiso pamwamba pa chitseko. Munthu akangoponda pakhomo la khitchini, kadisoko kankamuona, mawu n'kuyamba. Ankayamba ndi funso: "Chayamba kodi chimenechi? Ndiyambe?" Kenaka kachifuwa, kenaka kuseka. Ndiye ankafotokoza mmene ankayezera kutentha kwa uvuni ndi chigongono, mmene dona wa nyumbayo ankafunira batala wolimba m'dziko limene kandulo imapindika yokha, mmene iwo ankadyera ali chiimire kuseri kwa thanki ya madzi.

Uthenga wa imfa utafika, a Lindsay anazimitsa kabokosiko n'kumata tepi yofiira pa switchi yake. Dulcie anaphimba chithunzi ndi nsalu ya patebulo. Kenaka anapita kwa a Verna kukawauza kuti nyumbayo yakonzedwa, amayi oluka akhoza kubwerera tsiku lililonse. A Verna anamvetsera, ndipo anamuuzanso zawo: iwo ndi amalume awo anagwirizana kuti tsiku loika maliro Dulcie adzakhala pamphasa ya ana aakazi, ndipo adzametedwa nawo pamodzi. Ena sanakondwe nazo. Msuweni wawo Glenys anali atanena kale pagulu kuti mbale ya chakudya si magazi. Koma a Verna anali atalankhula. Dulcie anabwerera kwawo tsiku limenelo akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza madzi odzaza.

Mwambo anausunga mbali zonse kupatula imodzi. M'mawa wina analowa m'khitchini ndi tsache, ndipo bata la mmenemo linamukanika. Zaka zonsezi ankasesa mayi ake akumulankhula, iye osamvetsera n'komwe, monga amachitira mwana aliyense. Anakanda tepi ija ndi chikhadabo n'kutsegula switchi. Anadziuza kuti n'kamodzi kokha. Mawa lake anachitanso, ndi mkuja wake. Ankabwera m'mawa anthu asanayambe kuyenda, kumvetsera mpaka kumapeto ali chogwira tsache, kenaka kuzimitsa n'kubwezera tepi pamalo pake. Tepiyo inayamba kutha mphamvu yomatira.

Lachiwiri limene amayi anagwirizana kubwerera linali la nyengo ija mvula isanagwe, pamene mitambo imangounjikana kunyanja osachita kanthu, munthu n'kumatuluka thukuta ali chikhalire. Mawu anali atangotha kumene pamene Dulcie anamva galimoto ya a Verna ikukhosomola pageti. Amayi oluka anafika msanga pothawa dzuwa. Kabokosiko kakamaliza kulankhula kankapuma kaye pang'ono kadiso kasanadzukenso, choncho Dulcie anatuluka mothamanga popanda kumveka kanthu. Anatsegula geti, anathandiza a Verna kutsika ndi ndodo yawo, ananyamula mitolo ya milaza, anayala mikeka pakhonde la kumbuyo kumene mthunzi umakhalitsa. Amayi anali asanu ndi awiri, ndipo Glenys anali mmodzi wa iwo.

Anakumbatirana, analira pang'ono, kenaka anakhala pansi. A Verna anakhala pampando wawo wa masiku onse, wotsamira khoma. Dulcie anawiritsa tiyi m'kachipinda ka antchito, nabwera naye pamodzi ndi buledi wophika paphulusa amene Cissy anabweretsa.

"Tiyi ameneyu wamusefa ndi sokosi?" anatero Cissy atangolawa. "Mwezi wonse wakhala wekha muno, waiwala mmene anthu amoyo amamwera."

Amayi anaseka, koyamba chibwerere. Dulcie anapisa dzanja m'thumba la epuloni kuti atulutse sipuni ya shuga, ndipo chala chake chinamatirira kanthu. Sanafunikire kuyang'ana. Inali tepi yofiira.

Anaima ndi ketulo m'manja. Khitchini yakale inali pomwepo, kumapeto kwa khonde lomwelo, ndipo khoma lake la mbali imeneyo linali la timatabwa topingasa tolowetsa mphepo. A Lindsay anali atakweza mawu a kabokosiko molingana ndi makutu awo. Munthu akangoponda pakhomo paja, khonde lonse limva, ana obadwa a mayiwo amva, Glenys amva. Ndipo aliyense akudziwa amene amasunga makiyi. Switchi inali mkati, kuseri kwa chitofu, ku khoma lakutali. Panalibe njira yoifikira popanda kadiso kukuona. Mazenera anali otsekera mkati.

Cissy anadzuka n'kukumbatira mtolo wa milaza. Chiyambire, amayi ankanyika milaza yawo mu sinki yasimenti ya m'khitchini yakale kuti ifewe.

Dulcie anaika ketulo pansi n'kumutsekera njira. Anati sinkiyo yatsekeka, madzi sakutsika, iye abweretsa ndowa kuchokera pampopi wa kudimba. Cissy anati milaza siifuna madzi otsika, imafuna madzi oima, ndiye sinki yotsekeka ndi yabwino koposa. Dulcie anati muli mphemvu, anapoperamo mankhwala. Anamulanda mtolowo m'manja.

"Aa, iwe mng'ono wanga, ukundilanda ngati ndakubera mwamuna," anatero Cissy. "Mwamuna wake uti?"

"Khala pansi, Cissy," anatero a Verna osatukula mutu. "Musiye agwire ntchito yake."

Dulcie anapita kudimba ndi ndowa, khosi lili chotembenukira kumbuyo. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono ndiponso otentha. Ali pampopipo anaganiza za bokosi la magetsi a nyumba yonse. Linali pakhoma la khonde, pamwamba penipeni pa mutu wa a Verna. Magetsi akazima, kabokosi kafa, iye alowa m'khitchini n'kuzimitsa switchi.

Atabwera ndi ndowa anapempha a Verna kuti awerame pang'ono, ati pali chisa cha mavu chimene akufuna kuchiona. Anatsegula kachitseko ka bokosilo n'kugwetsa switchi yaikulu. Mafani a padenga anazungulira mofooka n'kuima. Kutentha kunagwera amayi ngati bulangete lonyowa, ndipo onse anayamba kudandaula nthawi imodzi. Dulcie anati mwina magetsi azima tauni yonse, n'kuyamba kuyenda chakukhitchini. Anali atatsala pang'ono kufika pamene a Lindsay anatulukira pakona ya khonde, chipewa m'manja, atangofika kumene. Anapepesa maliro kwa a Verna mwaulemu, osatchula dzina, pakuti anakhalitsa kuno. Kenaka anaona mafani, anaona kachitseko kotseguka, n'kukweza switchi ija ndi chala chimodzi. Mafani anayambanso kuzungulira. Amayi anawaombera m'manja.

Dulcie anali ataima phazi limodzi lili m'mwamba, pakhomo penipeni. Analibweza pang'onopang'ono.

A Lindsay anali ndi nkhani yabwino. Sitima yaikulu ya alendo inali itakocheza kudoko, ndipo basi yodzaza inali m'njira. Anati awayendetsa mwachangu kuti asasokoneze amayi: chipinda chodyera, zipinda zogona, kenaka khitchini, n'kutuluka. Dulcie anawakokera pambali, kuseri kwa mzati, n'kuyandikira khutu lawo labwinopo. Anati alendo asalowe m'khitchini lero.

"Asalowe m'khitchini?" a Lindsay anabwereza, khonde lonse n'kumva. "Chifukwa chiyani? Kabokosi kaja ndinakazimitsa ndekha, ndinamata ndi tepi yomwe. Musade nkhawa, mayi Verna, mulibe chomveka mmenemo."

A Verna anagwedeza mutu kuthokoza. Glenys anasiya kuluka. Anayang'ana Dulcie kwa nthawi yaitali, kenaka anayang'ana chitseko cha khitchini, kenaka anabwerera ku dengu lake.

"Mphemvu zake ziyenera kuti n'zazikulu," anatero Glenys, ngati akuuza milaza.

A Lindsay anapita kutsogolo kukadikira basi. Dulcie anakhala pansi pamalo pamene aliyense wofuna kupita kukhitchini akanayenera kumulumpha, natenga milaza n'kuyamba kuluka tsinde la dengu. Amayi ankakambirana za maliro: ndani adzabwere ndi ng'ombe, ndani adzagone kwa ndani, msewu wa kumpoto ukhala bwanji mvula ikayamba. Cissy ankaseka mlamu wawo wina amene analonjeza nsomba pamaliro apitawo n'kubwera ndi zitini ziwiri. Glenys anafunsa, mawu ali ofewa, ngati mphasa ya ana aakazi idzakwane anthu onse amene akuti adzakhalepo.

Dulcie anayesa njira zonse m'mutu. Akanatha kukhoma chitseko cha khitchini, koma chinalibe loko, ndipo kuti achikoke anayenera kupisa mkono pansi pa kadiso. Akanatha kunamizira kukomoka. Akanatha kungokhala chete, mawu akamveka n'kunena kuti a Lindsay anazimitsa molakwika, kapena magetsi aja atabwerera anadzutsa kabokosi. Ambiri akanakhulupirira. Nkhalambayo ikanapepesa mpaka misozi, osadziwa chimene yalakwa. Koma a Verna akanamvabe mawuwo, ndipo shuga wawo anali atakwera kale chimwalirire mayi awo.

Kumsewu kunamveka kulira kwa basi ikutsika phiri la kudoko.

Dulcie anaika dengu pansi. Anayenda chogwada mpaka pampando wa a Verna, ngati akufuna kutenga kapu yawo, n'kutsamira pafupi ndi bondo lawo. Anatulutsa tepi yofiira ija m'thumba n'kuiika pachikhatho chawo, n'kupinda zala zawo pamwamba pake.

"Achemwali," anatero motsitsa, "kabokosi kaja n'kotsegula. Ndatsegula ndine."

A Verna sanasunthe. Anayang'ana kudimba, kumene mbalame zinkalimbirana mango akugwa. Kenaka anafunsa, milomo yokha ikuyenda, ngati linali lero lokha.

"Ayi. M'mawa uliwonse."

Dzanja la a Verna linafinya tepiyo mpaka mitsempha inaonekera. Basi inali itafika pageti, ikupumira. Mawu a a Lindsay ankamveka akulandira alendo.

A Verna anagogoda ndodo yawo pansi. Anauza amayi kuti khondeli lawatopetsa, mphepo ya mafani ikuwapweteka mutu, onse asamukire pansi pa mtengo wa mango wa kugeti. Cissy anati kumeneko kuli nyerere zoluma ngati apongozi. A Verna anangomuyang'ana, ndipo Cissy anayamba kupinda mkeka. Glenys anatsalira, akutolera milaza yake umodziumodzi. A Verna anamupatsa ndodo yawo n'kumuuza kuti awagwire mkono, miyendo yawo siikuyenda bwino lero. Glenys analibe pokanira.

Asanatsike masitepe, a Verna anatembenukira Dulcie. "Ukamva hutala, lowa."

Dulcie anatsala yekha pakhonde. Mkati mwa nyumba nsapato za alendo zinali zitayamba kugogoda pamatabwa, ndipo a Lindsay ankafotokoza za tebulo lalitali. Anaona amayi akuyenda pang'onopang'ono kudutsa kapinga, ndi liwiro la a Verna. Nsapato zinasamukira kuzipinda zogona. A Verna anafika pagalimoto yawo, anatsegula chitseko, anakhala, anakweza mwendo umodzi ndi manja, kenaka winawo. A Lindsay anali atafika m'kanjira kotulukira kukhitchini, akuuza alendo kuti asamale mitu yawo pakhomo lalifupi.

Injini inalira, kenaka hutala, wautali wosadukiza.

Dulcie analowa. "Chayamba kodi chimenechi?" anafunsa mayi ake, pafupi kwambiri, ngati aima pachitofu. "Ndiyambe?" Iye anali atagwada kale kuseri kwa chitofucho, dzanja likufufuza m'fumbi. Kachifuwa kanamveka. Chala chinali pa switchi, ndipo anadziwa kuti chotsatira ndi kuseka kuja, ndipo anadziwanso kuti sadzakumvanso. Kunja hutala ankalirabe. Anazimitsa kuseka kusanayambe, n'kuzula chingwe pakhoma.

A Lindsay anasuzumira pakhomo, alendo ali pambuyo pawo, n'kufunsa kuti phokoso la kugetilo n'lachiyani. Sanamve china chilichonse. Mlendo wina, mayi wa chipewa chachikulu, amene anali patsogolo, anayang'ana uku ndi uku kufuna amene walankhula, koma anangoona mayi wa epuloni atagwada pansi. Dulcie anati akuchotsa kabokosi, a banja akukafuna. A Lindsay anati n'zoona, anayenera kuganiza zimenezo poyamba, ndipo anamuthandiza kumasula kadiso pamwamba pa chitseko.

Dulcie anakulunga zonse m'thaulo n'kupita nazo kugeti. Hutala anali atasiya. Amayi anali atakhala pansi pa mtengo, akudzikupiza, ndipo Cissy ankauza dalaivala wa basi kuti achemwali ake akalamba, asokoneza hutala ndi buleki. Glenys sanaseke. Maso ake anali pa thaulo.

A Verna anali akadali m'galimoto. Anauza Dulcie kuti aike mtolowo pansi pa mpando wakumbuyo, kenaka alowe atseke chitseko. Mkati munali motentha ngati mu uvuni. Onse awiri ankayang'ana kutsogolo.

A Verna analankhula motsitsa koma sanamusiyire malo. Anati mayi awo anagwira ntchito m'khitchini imeneyo ali mwana mosafuna, ndipo tsopano ali paulendo wawo, Dulcie wakhala akuwaitanira momwemo m'mawa uliwonse. Anati kabokosiko kakhala kwa iwo, ndipo kadzabwerera iwo akadzanena, kaya ndi chaka chamawa kaya sikadzabwerera. Anati amalume adzabwera kudzafukiza utsi m'khitchinimo ndi kumufukiza iye yemwe, ndipo chifukwa chake akawauze yekha ndi pakamwa pake, lero lomwe. Dulcie ankangovomera ndi mutu. Misozi ndi thukuta zinali zitasakanikirana.

"Nanga pamphasa?" anafunsa Dulcie pomaliza.

"Glenys waona thaulo. Pofika madzulo adziwa aliyense." A Verna anapukuta khosi ndi mpango. "Ukanakhala mwana wa eni, ndikanangodzuka n'kumapita, osadzapondanso pano. Udzakhala pamphasa. Kumapeto, kumbuyo kwa Cissy. Ndipo mpaka tsiku limenelo usandilankhule, mtima wanga sunatsike."

Dulcie anatsika m'galimoto. Pansi pa mtengo amayi anasiya kulankhula iye akudutsa. Cissy anamuyang'ana kumaso, anayang'ana galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sanapeze choseka. Anangosendera pang'ono pamkeka kumusiyira malo. Dulcie sanakhale. Tiyi, makapu ndi ndowa ya milaza zinali zitatsala pakhonde, ndipo alendo anali atayamba kujambula madengu osamalizidwa. Anapita kukazitenga.